Khasu pa Nyanga ya a Mphalapala

Padangokhala, masiku aja nyama zinkatumiza ana awo kusukulu monga timachitira ifemu. Muli nane eti? Chabwino.

Sukuluyo inali patsinde pa mkuyu. Aphunzitsi aakulu anali a Mphalapala, bambo wa nyanga zazitali zokhotera kumsana, amene kuseka ankakuona ngati kuwononga mano. Wophunzitsa tiana tating'ono anali Mayi Nkhanga. Belu la sukuluyo linali khasu lakutha lopachikidwa panthambi. Dzuwa likakwerako, Mayi Nkhanga ankagogoda khasulo ndi mwala, ngwee! ngwee! ana onse n'kumwazikira pabwalo kukasewera. Nthawi imeneyi ankaitcha buleki.

Tsono m'mudzimo munali Gologolo. Ameneyu ndiye anali kamberembere weniweni. Akamakupatsa moni ndi dzanja limodzi, linalo limakhala lili kale m'nkhokwe yako. Analibe mkazi, analibe mwana, ndipo palibe amene ankaganiza kuti angasamale chinthu china kupatula mchira wake.

Koma tsiku lina Kabawi anagwira mlongo wake wa Gologolo akuyanika mtedza, n'kuuluka naye. Mwana wake wamkazi, dzina lake Sungeni, anaona zonsezo ali pansi pa lichero pamene amake anamubisa. Maliro atatha, abale anayang'anana, kenako onse n'kuyang'ana Gologolo, pakuti malume ndiye mwini mbumba. Gologolo ananyamula mwanayo n'kupita naye kwake.

Kuyambira tsiku limenelo Sungeni sanayankhulenso. Malume wake akamufunsa kuti wadzuka bwanji, ankangomuyang'ana. Mayi Nkhanga akamufunsa funso m'kalasi, ankangowerama. Koma khasu likalira, ana n'kupanga bwalo lozungulira, Sungeni ankalowa pakati n'kuyamba kuimba. Inali nyimbo ya amake, imene ankaimba poswa mtedza. Wotsogolera ankatchula chilichonse chimene chabwera m'mutu mwake, anzake n'kuvomera akuomba m'manja, kenako onse n'kudumpha pamodzi. Ana onse anaiphunzira kwa Sungeni ndipo ankaikonda kuposa masewera ena onse.

Gologolo ankabisala m'nthambi za mkuyu tsiku ndi tsiku kuti amve. Ankauza anthu kuti amapitako kukaba nkhuyu, poopa kuti angamuseke. Zoona zake n'zakuti mwanayo ankaimba ndi mawu enieni a mlongo wake, ndipo Gologolo ankamusowa kwambiri mlongo wakeyo. Chinanso, tsiku limene Sungeni waimba, kunyumba ankadya bwino.

M'mawa wina a Mphalapala anaimirira pamaso pa ana ndi makolo.

"Ndinapita kukaona sukulu ya ana a Chiswe," anatero. "Kumeneko kulibe buleki, kulibe kudumphadumpha. Taonani chulu chimene amanga! Nanga ife? Chaka chatha mwana wa Gwape anadya bowa wakupha chifukwa mvula inagwa tisanamalize phunziro la bowa. Kuyambira lero buleki palibe. Tiphunzira kuyambira m'mawa mpaka poweruka."

Musawaone ngati oipa mtima a Mphalapala. Mwana wa Gwape uja anamunyamula ndi iwowo pamsana kupita naye kwa sing'anga, n'kuwafera panjira. Makolo anakumbukira zimenezi ndipo anavomereza.

Khasu linaleka kulira. Ana ankakhala pansi tsiku lonse, mitu ikulemera. Mwana wa Njiri ankagona mphuno ili m'fumbi. Sungeni sanaimbenso. Mtedza umene malume wake ankamuswera ankangoununkhiza n'kuusiya, mpaka mchira wake unayamba kukwakwa pansi.

Gologolo anachita chinthu chimene anali asanachitepo chibadwire. Anapita kukapempha poyera, popanda chinyengo.

"Aphunzitsi aakulu, ndabwera ndi dandaulo. Mwana wa mlongo wanga amaimba pa buleki pokha. Popanda buleki, alibe mawu."

"Sukulu si gule, a Gologolo," anatero a Mphalapala. "Kodi nyimbo ingamupulumutse kwa bowa wakupha?"

"Sakudya, bambo."

"Akaphunzira adzadya. Pitani bwino."

Gologolo anatuluka akupukusa mutu. "Ndayesa khomo lakumaso," anadziyankhulira. "Tsopano tibwerere kumene tinazolowera."

M'mawa mwake anakwera mumkuyu, n'kusankha nthambi ya nkhuyu zakupsa imene inali pamwamba penipeni pa ana. Dzuwa litafika pa nthawi ija, anaigwedeza ndi mphamvu zake zonse. Nkhuyu zinagwa pamitu pa ana ngati matalala. Ana anakuwa, n'kumwazika, uyu kutola, uyu kuponya mnzake. Mwana wa Njiri anayamba kuomba m'manja mwa nyimbo ija, ena n'kumugwira dzanja. Gologolo ali m'mwamba anaona Sungeni akuimirira, milomo yake ikuyamba kutseguka.

"Imani!" anakuwa a Mphalapala. "Aliyense abwere ndi nkhuyu zimene watola. Khalani pansi. Mayi Nkhanga, lero aphunzitseni kuchotsera. Mwana akadya nkhuyu imodzi, zatsala zingati?"

Ana anakhala pansi, ndipo milomo ya Sungeni inatsekekanso. Gologolo anatsika manja ali ndi matuza, atawakonzera a Mphalapala phunziro la masamu kwaulere.

Tsiku lotsatira anabwera ndi mwala m'kamwa. Anakwawa panthambi mpaka pamene panali khasu, n'kuligogoda, ngwee! ngwee! Miyendo ya ana sinadikire kufunsa kuti waliza ndani. Onse anathamangira pabwalo, bwalo n'kuzungulira, manja n'kuyamba kuomba. Sungeni analowa pakati. Anatsegula pakamwa, mawu oyamba a nyimbo ya amake n'kutuluka, aang'ono, osasa chifukwa chokhalitsa. Ana anavomera. Gologolo anaiwala kuti akubisala, nayenso n'kuvomera ali m'mwambamo.

Pamenepo ndiye a Mphalapala anamuona.

Anabweza ana m'kalasi. Kenako anakola chingwe cha khasu ndi nyanga yawo, n'kulichotsa panthambi, khasulo n'kutsalira likulendewera panyangapo.

"Kuyambira lero khasu ili lizikhala pano," anatero. "Amene akufuna kuliliza ayambe wakwera pamutu panga. Ndipo inu a Gologolo, tamverani. Mwana wanuyo chibwerereni sanayankhepo funso ngakhale limodzi. Mwezi ukaoneka ndidzamufunsa pamaso pa onse. Akadzapanda kuyankha, adzabwerera kunyumba, malo ake tidzapatse wina."

Gologolo anamva ngati wameza mwala uja. Nzeru zake zomwe zinali zitamuwonjezera mwanayo mavuto. Kunyumba kunalibe bwalo la ana, kunalibe woomba m'manja. Sungeni akachotsedwa sukulu, ndiye kuti nyimbo ija yatha, ndipo mwana amene sadya sakhalitsa.

Tsiku linalo anakweranso mumkuyu, osati ndi chiwembu chilichonse, koma chifukwa miyendo inangomutengera komweko. Ali khale panthambi, anaona chinthu chachilendo. Dzuwa litafika pa nthawi ija ya buleki, a Mphalapala anasiya Mayi Nkhanga akuphunzitsa, n'kuzembera kuseri kwa mkuyu. Kumeneko anagona pansi mosamala kuti khasu lisalire, maso n'kuwatsinzina pang'ono, nsagwada n'kuyamba kuyenda.

Gologolo anatsika.

"Pepani aphunzitsi aakulu, mukudya chiyani? Pano sindikuona udzu."

"Sindikudya, ndikubzikula," anayankha a Mphalapala osatsegula maso. "Ife a nyanga timameza udzu msangamsanga m'mawa. Kenako timagona pansi, n'kuubweza m'kamwa, n'kuutafuna bwinobwino. Tikapanda kutero umangotupa m'mimba, osasanduka magazi."

"Tsiku lililonse?"

"Tsiku lililonse. Chokani, mukundisokoneza."

"Ooo," anatero Gologolo. Mchira wake, umene unali utagwa masiku onsewa, unadzuka pang'onopang'ono.

Masana amenewo anayenda khomo ndi khomo kwa makolo a ana. Paliponse ankalowa ndi nkhope ya maliro.

"Mwawaona aphunzitsi aakulu mmene aondera? Akutha chifukwa cha ana athu, ife tili chete. Mawa aliyense abwere ndi lichero la chakudya tikawathokoze. Koma tisapite chigulu, tingawachititse manyazi. Wina akamatuluka, wina azilowa."

Tsono kwa nyamazo kunali mwambo wolimba. Chakudya cha chithokozo chinkadyedwa pamaso pa amene wabweretsa, ndipo lichero silinkabwerera ndi kanthu. Kusiyako ngakhale tsamba kunali ngati kumutukwana munthuyo pamodzi ndi makolo ake. A Mphalapala, amene ankaphunzitsa ana mwambo umenewu chaka ndi chaka, sakanauphwanya ana omwewo akuona.

M'mawa woyamba kufika anali Gologolo mwiniwake. Anali atakokolola mtedza wonse wa m'nkhokwe yake, wa chaka chonse, n'kuudzaza m'lichero. Anagwada.

"Aphunzitsi aakulu, ndabwera kudzapepesa. Ndaganiza bwino, ndaona kuti munanena zoona. Kupuma n'kutaya nthawi. Landirani kangachepeka."

A Mphalapala anakondwa. "Mwakula tsopano, a Gologolo," anatero, n'kudya mtedza wonsewo.

Asanapukute pakamwa, anafika mkazi wa Njiri ndi lichero la kholowa. Anadya. Atangomaliza, anafika Mbira ndi khwanya wanthete. Anadya. Kenako Fulu, amene ananyamuka dzulo lake kuti asachedwe, anafika ndi nkhwani. Anadyanso, koma tsopano akumeza movutikira.

Dzuwa linafika pa nthawi ija. A Mphalapala anayang'ana kuseri kwa mkuyu, n'kuyamba kusuntha.

"Mukupita kuti, bambo?" anafunsa Gologolo mwaulemu.

"Ndikagone pansi pang'ono chabe."

"Kugona pansi? Ana akuona? Nanga a Chiswe amagona pansi? Taonani, a Nungu awa afika ndi chimanga chachiwisi."

A Mphalapala anadya chimangacho. Mimba inayamba kuoneka kumbali zonse ziwiri.

"A Gologolo, ndiloleni ndikabzikule."

"Kubzikula? Chakudya mwameza kale, chili m'kati. Kuchibwezanso m'kamwa si kusewera kumeneko? Nthawi imeneyo mukhoza kumeza china. Mayi Gwape, bwerani kuno, aphunzitsi akudikira."

Mayi Gwape, amake a mwana womwalira uja, anagwada ndi lichero la nsenjere zanthete. Kodi ameneyu akanamukana bwanji? A Mphalapala anadya misozi ili m'maso. Atameza tsamba lomaliza, mimba inali itauma ngati ng'oma. Anayesa kuyankhula, mawu osatuluka. Miyendo yakutsogolo inapinda yokha, yakumbuyo n'kutsatira, bambo wamkuluyo n'kugwa chammbali. Khasu la panyanga linamenya muzu wa mkuyu.

Ngwee!

Anayesa kudzutsa mutu, khasu n'kumenyanso.

Ngwee!

Mayi Nkhanga anayang'ana ana, n'kuyang'ana a Mphalapala. "Belu lalira," anatero, "ndipo aliza ndi aphunzitsi aakulu eni ake. Tulukani."

Ana anathamanga. Koma Gologolo sanaseke. A Mphalapala anali kubuula, maso atatuzuka, mpweya ukuvuta. Gologolo anagwidwa ndi mantha, pakuti ankafuna kuwaphunzitsa, osati kuwapha. Anathamangira uku, n'kuthamangira uko, n'kuwakupiza ndi mchira, koma sizinathandize. Kamberembere uja nzeru zinamuthera.

Ana ataona kuti aphunzitsi awo sakudzuka, anabwerera. Sanadziwe chochita, choncho anachita chimene ankadziwa. Anagwirana manja n'kuzungulira a Mphalapala. Mwana wa Njiri anayamba kuomba m'manja pang'onopang'ono.

Sungeni analowa pakati. Anakwera pamimba yotupayo, n'kuyamba kuiponda mofatsa ndi timiyendo take, monga amake ankamusisitira iye akadya mtedza wambiri. Akupondaponda choncho, anayamba kuimba.

Inali nyimbo yomwe ija ya poswa mtedza. Koma pamalo potchula chimene chabwera m'mutu, Sungeni anatchula utale kuti ndi bowa wodyedwa, ana n'kuvomera, onse n'kudumpha. Anatchula ndelema, ana n'kuvomera. Anatchula bowa wakupha ndi maonekedwe ake onse, tsinde lake ndi fungo lake, monga momwe Mayi Nkhanga ananenera, ana n'kuvomera akupukusa mitu. Anatchula mapazi a Fisi ndi mapazi a Nyalugwe ndi kusiyana kwake. Anafika ngakhale pa nkhuyu zija, kuti ukadya imodzi zimatsala zingati. Zonse zimene anameza ali chete masiku onse aja zinatuluka chimodzichimodzi, ndipo ana amene anaziiwala ankazitola pomwepo akuvomera.

Mayi Gwape anaphimba nkhope atamva za bowa zija.

Mwadzidzidzi a Mphalapala anageya. Kugeya kwawo mbalame zinathawa mumkuyu. Ana anagwa ndi phwete, koma Sungeni sanasiye kuimba. Mimba inayamba kuphwa, chakudya chinabwerera m'kamwa, nsagwada n'kuyamba kuyenda. A Mphalapala anagona pomwepo akubzikula, ndipo kwa nthawi yoyamba anabzikula maso ali otsegula. Zaka zonsezo buleki ankathera kuseri kwa mkuyu, ndipo anali asanaonepo bwinobwino chimene ana amachita khasu likalira.

Nyimbo itatha, a Mphalapala anayang'ana Gologolo.

"A Gologolo, mwandipusitsa."

"Ine, bambo? Ndangotsatira lamulo lanu."

"Mwatsala pang'ono kundipha nalo lamulo langalo." Anapuma mozama. "Ine ndimameza, ndikatero ndimagona pansi. Ana awa ndimawauza kuti azingomeza. Mayi Nkhanga, chotsani khasuli panyanga yanga, mulibwezere panthambi. Lizilira tsiku lililonse, ndipo ine ndizibzikulira pano poti ndiziona."

Kenako anatembenuzira mutu kwa kamwana kamene kanali kadakali pamimba pawo.

"Mafunso anga onse wayankha ndisanakufunse, mwanangu. Malo ako ndi ako. Koma ndili ndi funso limodzi, ukafuna usayankhe. Nyimbo imeneyi anakuphunzitsa ndani?"

Gologolo anagwira mchira wake ndi manja onse awiri. Sungeni anayang'ana pansi, n'kuyang'ana kumwamba kumene Kabawi anapita, kenako n'kuyang'ana a Mphalapala.

"Amayi," anatero.

Anatsetsereka pamimbapo, n'kuyenda mpaka pamene panaima malume wake. Anamugwira dzanja.

"Amalume, ndili ndi njala."

Gologolo anatola lichero lake. Chitengereni mwanayu ankadikira mawu amenewa, ndipo lero afika nkhokwe ili mbee, mtedza wonse uli m'mimba mwa a Mphalapala. Anayang'ana m'lichero, munalibe ngakhale khoko. Ndiye lilime lake linagunda kanthu m'tsaya. Pamene ankapereka lichero m'mawa uja, dzanja lake lozolowera kuba linali litabapo mtedza umodzi, mwini wake osazindikira.

Anautulutsa, n'kuupukuta ndi mchira, n'kuuswa, n'kugwada.

"Idya, mayi wanga," anatero, misozi ikutsika. "Mawa ndikusakira wina."

Sungeni anadya wonse, n'kunyambita zala.

Mpaka lero mukaona gologolo ali ndi mtedza m'tsaya, anthu amati ndi umbombo. Ine ndimati musiyeni, akusungira mwana.

Nthano yanga yathera pamenepa. Amene mwakhala nthawi yonseyi mukumeza, dzukani mukasewere.